Mpini wa Gwafa Sunathyoke

Loweruka lapitali tinaika m'manda amalume Bonifasiyo, mlongo wawo wa mayi anga. Akatekisi anawerenga mbiri yawo papepala, ndipo mbiri yonse inatha asanapume kawiri: anabadwa, anabatizidwa, anali mmisiri wa matabwa, anavulala dzanja pa nthawi ya nkhondo, atisiya. Anthu anagwedeza mitu. Ine ndinapsa mtima, koma ndikanapsera yani, poti amene analembetsa pepalalo ndine ndemwe? Akatekisi atandifunsa Lachisanu kuti dzanjalo linatani, ndinangoti nkhondo. Sindinaname, komanso zoona sindinanene. Dzanja lamanja la amalume linaphwanyidwa chifukwa cha mawu amene anatuluka m'kamwa mwanga, ndipo akhala nalo lopinimbira zaka zonsezi osanditchula ngakhale tsiku limodzi.

Za matabwazo, zimene akatekisi anangoikapo okha, n'zabodza ndithu, ndipo akanazimva akanatsokomola m'bokosimo. Chitseko sanapangepo, ndipo mpando wa m'nyumba mwawo wakhala ukugwedera mpaka imfa yawo. Ntchito yawo inali kukonza ndodo za gofu, masewera aja azungu a m'minda ya tiyi ankamenya kampira koyera n'kumakalondola pa kapinga tsiku lonse. Anaiphunzira kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, kuseri kwa malire, kumene anayamba ngati wonyamula zikwama za osewera, kenako n'kukakamira kwa mkulu wina wokonza ndodo zothyoka mpaka mkuluyo anatopa n'kuwathamangitsa. Atabwerera kuno ku Milange, azungu a ku tiyi amene ankawoloka kukasewera anayamba kuwabweretsera zawo.

Pachipwitikizi ndodo imeneyi amaitcha taku. Ikakhala imodzi palibe mlandu. Koma ife zinthu zikachuluka timaziika ma kutsogolo, ndiye ziwiri zitatu zinasanduka mataku, ndipo m'kamwa mwa munthu wa kuno mataku ndi matako sizitalikirana. Mudzi wonse unapeza chosekera. Pachitsime amayi ankafunsa akazi awo ngati bambo akadapukutabe mataku a azungu, ndipo ena ankaonjezera kuti akuti amawapaka ndi mafuta omwe. Amalume mawuwo ankadana nawo koopsa. Iwo ankangoti ndodo, ndipo akapanikizika ankati taku ziwiri, taku zisanu, atalimbitsa nkhope. Pa ukwati wina woyendetsa mwambo anawaitana kuti a Mataku akapereke mphatso yawo. Anadzuka, n'kutenga nkhuku imene anabweretsa, n'kubwerera nayo kunyumba ikulira m'khwapa. Wodziwa kuwaputa kuposa onse anali mayi anga, choncho ine ndinakula ndikudziwa kuti dzina la zinthuzo ndi limenelo basi.

Mkangano wawo waukulu ndi mayi unabwera azungu atachoka. Ndodo zambiri zinatsala m'nyumba za ku tiyi, ndipo zatsopanozo zinali ndi mipini yachitsulo yobooka m'kati. Amayi otcheza kachasu sanachedwe kuona kuti imeneyi ndi mipope yabwino zedi. Mayi anga anapeza zinayi, n'kuzidula, mitu yake n'kutaya kudzala. Amalume anaipeza mituyo nkhuku zikuipalasa. Analankhula Chilomwe chimene sindingachilembe pano, ndipo mayi anawayankha kuti mpope wawo umadyetsa ana, pomwe ndodo za alongo awowo zimangomenya mphepo. Dzinja lonse sanapatsane moni, ngakhale makomo awo anali openyana. Akafuna kubwerekana sefa ankatuma ine, mayi wa pabanja kale, kuti ndiwoloke bwalo la mapazi khumi ndi uthenga.

Atapsa mtima mokwanira anasintha nzeru. Anayamba kuyenda kwa otcheza kachasu onse, mpaka kumidzi ya ku Mongue pa njinga, kupempha mitu yokhayo. Amayiwo ankawapatsa akuseka. Mutu wina anaupeza mwana akuswera mtedza, wina atautsamiritsa pa chitseko cha khola. Ina inali yakale kwambiri, ya nthawi imene mipini inali ya mtengo, yodyeka ndi dzimbiri mpaka nambala yake osaoneka. Imeneyo ndiyo ankaikonda. Ankaiika pachikhatho, n'kutsinzina, n'kuikweza ndi kuitsitsa pang'onopang'ono, kenako n'kunena nambala yake asanaipukute. Sindinawaonepo ataphonya.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kankanditopetsa ngakhale pongoonerera. Ankayamba ndi kugogoda kamsomali kamene kamagwira mutu ku mpini. Kenako mutuwo ankauwotha pa makala kuti guluu wakale afewe, chitsa cha mpini wothyoka chituluke. Dzimbiri ankalichotsa ndi madzi a mandimu ndi phulusa, osati ndi mchenga, chifukwa ankati mchenga umafuta dzina la amene anasula chitsulocho, ndipo munthu amene anagwira ntchito yabwino sayenera kufutidwa. Mpini watsopano ankaupala ndi galasi la botolo losweka masiku atatu kapena anayi, akuuzunguliza pabondo, mpaka nsonga yake ilowe m'khosi la mutu popanda kukakamiza komanso popanda kugwedera. Guluu ankaphika okha wa zikopa, wonunkha moti agalu ankasamuka. Kamsomali katsopano ankadula ku sipoko ya njinga. Pakhosi ankakulunga ulusi wopaka phula, mzere pambali pa mzere, ndipo pogwirira ankazenga lamba wa chikopa cha mbuzi. Pomaliza ankatsinzina diso limodzi, n'kuloza ndodoyo kuphiri la Tumbine, n'kuiyang'ana kuchokera kumapeto. Ikakhota ngakhale pang'ono ankayambiranso, ndipo tsiku limenelo sunali kuwafunsa chilichonse.

Mitengo ya mipini kale inkachokera kunja. Itatha anavutika zaka zingapo. Mlombwa unkathyoka pakhosi. Bulugamu ankapotoka akauma. Nsungwi anangoiyang'ana n'kuitaya. Anadzapeza yankho kuseri kwa nyumba yawo yomwe, pa mtengo wa gwafa umene anaudula chaka china, n'kuphuka mphukira zowongoka. Ankazidula m'chilimwe, n'kuzipachika kudenga, iliyonse ataimangirira mwala kunsi kuti iume ili chilili, ndipo sankaikhudza mpaka mvula igwe kawiri. Ankati gwafa amawerama koma sagonja, ndipo kunyada kwawo konse kunali pamenepo. Pabwalo panali chitsa cha mango, ndipo aliyense wokayika ankamupatsa ndodo kuti amenye pachitsapo mmene angathere. Amuna amphamvu anatuluka thukuta pamenepo, amalume atapinda manja, akuyang'ana kumbali ngati sizikuwakhudza. Palibe anathyolapo.

Chodabwitsa n'chakuti gofu weniweniyo sanasewerepo. Zaka zonse ananyamula zikwama pa kapinga uja sanaloledwe kumenya mpira, ndipo ataloledwa anali atasiya kufuna. Ndodo ikatha ankatola ndimu limodzi laliwisi, n'kuliika pansi, n'kulimenya kamodzi kulowera kumunda wa chinangwa. Sankayang'ana kumene lagwera. Ankamvetsera m'manja, ndipo akakhutira ankangoti ndodoyo yalankhula.

Nkhondo itafika, ndodo zomenya mphepo zija ndizo zinatisunga. M'sitolo, imene kuno timati loja, munalibe mchere, munalibe sopo, ndipo ndalama yathu palibe ankaifuna. Kutsidya, onyamula zikwama ankaloledwa kusewera tsiku limodzi pa sabata, koma ndodo za m'sitolo sakanazikwanitsa. Kunalinso kalaliki wina wa ku tiyi amene ankakonda zakalezo, n'kumazipachika pakhoma. Amalume ankawoloka ndi mtolo wawo n'kubwerako ndi mchere, sopo ndi machesi, ndipo ankagawa makomo anayi. Mwamuna wanga anali atatengedwa kale kukanyamula katundu wa anthu a mfuti, osabwerako, choncho khomo langa linali limodzi mwa anayiwo. Mayi anga ankanyambita mcherewo n'kunena chapansipansi kuti mataku aja ayamba kukoma. Amalume ankamva, koma ankangoyang'ana kudenga.

Ndinawaonanso akugwira ntchito pambuyo pa kuvulala kuja, kumsasa wa othawa nkhondo, dzanja litapola. Zala zitatu zinali zitauma zopindikira m'kati, ndipo chala chachikulu sichinkafika pa chinzake. Anayesa kupana mpini ndi mapazi n'kumapala ndi lamanzere. Galasi linkalowa kwambiri mbali imodzi, mpini n'kutuluka ngati mwendo wa galu. Anayesa kuphunzitsa bambo wina wosema mipini ya makasu, koma bamboyo atamva zodikira mvula ziwiri anaseka n'kubwerera ku makasu ake. Tsiku lina ndinawapeza atagwira ulusi ndi mano, akufuna kukulunga khosi la ndodo, ulusi ukumasuka, iwo akuyambiranso, malovu akutsika pachibwano. Ndinaima kuseri kwa chisakasa osadziwa ngati ndipite kukawathandiza kapena ndichoke. Ndinachoka, ndipo kuyambira pamenepo tinkadya za chithandizo zolandira pamzere ngati wina aliyense.

Tsiku limene ndikulizembali linali m'mawa, dzuwa lili bwinobwino. Msewu waukulu wa kumalire tinali titausiya, tikudzera njira za m'minda ya tiyi, imene inali itakula kupitirira mutu chifukwa chosowa othyola. Amalume ananyamula ndodo zisanu ndi ziwiri zokulunga m'chiguduli. Ine ndinali nditabereka mwana wanga Lusiya, pamutu dengu la nandolo wokasinthitsa. Pokhota njira tinangopezeka tili pakati pa amuna a mfuti. Anali a mbali iti sindikudziwa mpaka lero, chifukwa masiku amenewo zovala sizinkanena kanthu. Mkulu wawo, amene anzake ankamutcha shefi, anali wamng'ono kwa ine, atavala wotchi yachikazi pamkono.

Mtolo wautali wa m'chiguduli anauyesa mfuti. Anatigwaditsa, n'kudula chingwe, ndodo n'kumwazika pansi, mitu ikunyezimira. Shefi anatola imodzi, n'kuizunguza, n'kufunsa kuti n'chiyani.

"Ndodo za gofu, a shefi," anatero amalume.

Gofu sankamudziwa. Anaona manambala osindikizidwa pa zitsulozo, faifi, seveni, naini, n'kufunsa kuti manambalawo ndi a gulu liti, ndipo tikukapereka kwa yani. Amalume, mwa chizolowezi chawo, anayamba kufotokoza kuchokera pachiyambi penipeni, za kapinga, za maenje, za kusiyana kwa ndodo yomenyera patali ndi yomenyera pafupi. Ndinkaona nkhope ya shefi ikuuma. Anakuwa mwa Chipwitikizi kuti asamuchedwetse, ndipo wina kumbuyo anakoka chitsulo cha mfuti yake. Ndinaganiza kuti popeza munthuyu akusakaniza Chipwitikizi, dzina lachipwitikizi alimva msanga, atisiya. Ndinafuna kupulumutsa amalume. Ndinakweza mawu, mwaulemu wonse umene ndinali nawo.

"Ndi mataku, a shefi."

Inu amene mukuwerenga, tchulani mawu amenewo mofulumira, ndi pakamwa pouma ndi mantha, mumve mmene akumvekera. Amuna aja anayang'anana. Kenako mmodzi kumbuyo analephera kudzigwira, n'kuphulika, anzake onse n'kutsatira. Wina anabwereza kuti ndi matako a shefi, akuloza ndodo zili mbwee pansi, ndipo anaseka mpaka kutsamira pa mfuti. Shefi sanaseke. Anabwera pamene ndinagwada, n'kuima pafupi moti ndinkamva fungo la utsi m'malaya ake. Lusiya anayamba kulira kumsana.

"Mwanayu sadziwa kanthu," anatero amalume. "Mawuwo ndinamuphunzitsa ndine. Ndi dzina la ntchito yanga."

Linali bodza, ndipo mudzi wonse ukanachitira umboni. Shefi anatembenuka n'kuwauza kuti ngati ndi dzina la ntchito yawo alitchule okha. Analitchula. Aka kanali koyamba ndi komaliza kuwamva akutchula mawu amenewo, ndipo anawatchula momveka bwino, atayang'ana pansi. Amuna aja anasekanso, koma pang'ono.

Shefi anasankha ya nambala seveni, n'kuiweramitsa pabondo, n'kufunsa ngati kamtengo koonda chonchi n'kolimba. Apa ndi pamene ndimafika ndikamaganiza, n'kulephera kupitirira. Akanangoti n'kosalimba. Akanangoti ndi zoseweretsa za azungu, zimathyoka msanga. Munthu amene anali atangonama kumene chifukwa cha ine analephera kunamizira mpini wake.

"Ndi wa gwafa. Suthyoka."

"Tiona," anatero shefi. "Ukathyoka ndisiya."

Anawauza kuti aike dzanja lamanja pa mwala wa m'mbali mwa njira, wina n'kuwaponda pamkono. Shefi anayamba kumenya dzanjalo ndi ndodo ija, ndipo sindinawerenge kuti kangati. Ndinatembenuza Lusiya n'kumutseka pakamwa ndi chikhatho, inenso n'kuluma nsalu, ndipo ndinkapemphera chinthu chimodzi chokha, kuti mpiniwo uthyoke. Ukanakhala wa mlombwa ukanathyoka kachiwiri. Ukanakhala wopalidwa mothamanga, kapena wodulidwa mvula imodzi yokha itagwa, ukanathyoka. Nthawi zina chitsulo chinkaphonya n'kumenya mwala, ndipo ndinkamva mpini ukunjenjemera, n'kubwerera m'malo mwake. Ndinali ndi miyendo, ndinali ndi pakamwa pomwe paja, koma palibe chimene ndinachita. Shefi anasiya chifukwa chotopa. Anaponya ndodoyo m'tiyi, anzake n'kutola zotsalazo ndi dengu la nandolo, n'kumapita.

Ndinang'amba mpango kuti ndimange dzanjalo, koma amalume anakana mpaka nditayamba ndalowa m'tiyi kukatola ndodo ija. Nditabwera nayo anaigwira ndi lamanzere, n'kutsinzina diso limodzi, n'kuiloza kuphiri. Kenako anandilola kuwamanga. Tinawoloka Muloza dzuwa lili pamutu, iwo akutsamira ndodo yomweyo, ndipo sitinabwererenso kwathu mpaka nkhondo itatha. Mayi ndi ena onse anatipeza kumsasa patapita masabata awiri. Mayi atafunsa chimene chinachitika, amalume anangoti anakumana ndi anthu oipa. Kuyambira tsiku limenelo mayi sanatchulenso mawu aja, ngakhale palibe anawauza kanthu, ndipo anamwalira akuganiza kuti alongo awo anangochita tsoka.

Ndinayesa kamodzi kupepesa. Tinali titabwerera, nyumba titamanganso, iwo atakhala pa chitsa cha mango chija. Ndinagwada pambali pawo n'kuyamba kuti, amalume, tsiku lija m'tiyi muja. Sanandilole kumaliza.

"Make Lusiya, unauona mpini uja? Ngakhale mng'alu."

Kenako anandituma madzi akumwa. Ndaganiza za yankho limeneli zaka zambiri. Mwina anafuna kundichotsera katundu, mwina anakana kuti ndiutule, mwinanso kwa iwo nkhani ya tsikulo inalidi mpini basi. Masiku ena ndinkawakwiyira, chifukwa akanandikalipira kamodzi ndikanalira n'kupepukidwa. Sanatero. Ankadya chakudya changa, ankaseka ndi ana anga, ndipo ndikawasambitsa dzanjalo m'masiku awo omaliza ankangoyang'ana kumbali, mmene ankachitira amuna aja akamamenya pachitsa. Ndimawakonda, ndipo ndimachita manyazi, ndipo ziwirizi zakhala pamodzi mwa ine moti sindithanso kuzilekanitsa.

Chilimwe chilichonse chibwerereni kwathu ankandiitana kuti ndikadule mphukira za gwafa. Ankaloza ndi chibwano yoti ndidule, ine n'kudula, n'kumangirira mwala, n'kukwera pampando wogwedera uja kukapachika kudenga. Tonse tinkadziwa kuti palibe adzazipale. Sindinafunsepo kuti n'zachiyani, iwonso sananene.

Dzulo ndinapita kukasesa nyumbayo. Wanjinga amene ananditenga kumsika anafunsa kotsikira, ndipo ndinamuuza kuti pa mtengo wa gwafa, kupitirira tchalitchi. Sanapadziwe. Nditalongosola kawiri anaseka n'kunena kuti oo, pa Mataku, bwanji osangonena. Ndi mwana wa dzana, sadziwa kuti dzinalo linachokera kuti. Ndinangogwedeza mutu.

Chitsa cha mango chadyeka ndi chiswe, koma mabala a zitsulo akuonekabe pamwamba pake. Mbaula ya makala ili pakona, m'kati muli mazira a nkhuku ya eni ake. Mtengo wa gwafa chaka chino sunadulidwe, ndipo mphukira zake zayamba kale kuwerama ndi zipatso. M'nyumba, ukalowa uyenera kuwerama, chifukwa denga lonse ndi mipini yolendewera, iliyonse ndi mwala wake, yowongoka, youma kalekale. Amuna awiri abwera kale kudzaipempha kuti akaike makasu, koma ataigwira anati ndi yoonda, n'kuisiya. Ndodo ya nambala seveni ili kuseri kwa chitseko pamene ankaiimika. Ndinaitenga, n'kutuluka nayo pabwalo, n'kutsinzina diso limodzi, n'kuiloza ku Tumbine. Ikadali yowongoka.